Giza ya mkuwa imene ndinagulitsa ngati chitsulo wamba

Ndinabwera ku Joni mu 2017 kuchokera kwathu ku Ntcheu, ndipo zaka zinayi zoyamba ndinali wothandizira mmisiri wina wa mapaipi a madzi. Mu 2021 ine ndi msuweni wanga tinasonkherana n'kugula bakkie yakale, kagalimoto ka pikapu, yoti tizichotsera anthu zinyalala akamakonzetsa nyumba: zibenthu za njerwa, matailosi osweka, mafelemu a mawindo, masinki otha ntchito. Mwini nyumba amalipira kuti zichoke pakhomo pake, ndipo zitsulo zimene zili m'katimo amangoti tengani. Sikirapu ndinayamba choncho, ngati ndalama ya ndiwo yobwera pambali pa ganyu.

Katundu woyamba amene ndimamukumbukira bwino anachokera m'nyumba ina yakalekale ku Kensington. Munali giza, chotenthetsera madzi osamba, yotsitsidwa kudenga, mapaipi angapo, mipopi iwiri ya kubafa, malata a dzimbiri ndi geti lothyoka. Tinaunjika zonse pamodzi n'kupita pa yadi ina yogula zitsulo zakutha cha ku Booysens. Galimoto inakwera pa sikelo yaikulu ija, tinatsitsa katundu, inakweranso yopanda kanthu, ndipo mayi wa pawindo anatilipira pa mtengo wa chitsulo chopepuka. Ndalama yake inakwana mafuta ndi chakudya cha masana cha anthu awiri. Tinakhutira, poti zinali zotola.

Tikutuluka, bambo wina wachikulire amene ankakankha ngolo ya zitini anatimva tikuyankhula Chichewa. Anali wa ku Mangochi, ndipo atatilonjera anafunsa kuti, "Achimwene, giza ija munaitsegula?" Ndinati ayi madala, si chitsulo basi? Sanayankhe, anangondigwira pamkono n'kundilozera kuseri kwa mpanda wa waya. Anyamata awiri a pa yadipo anali ataiyamba kale ndi galayinda. Lata lakunja litang'ambika, anachotsa zofunditsa zija zooneka ngati thonje lakuda, ndipo m'kati munatuluka thanki lofiirira ngati dothi la katondo. Unali mkuwa wokhawokha. Magiza a masiku ano m'kati mwake ndi chitsulo chokutidwa, koma ambiri akale, a m'nyumba zomangidwa makolo athu asanabadwe, thanki lake ndi la mkuwa. Chitsulo wamba sindinachigulitsepo kufika ngakhale R5 pa kilo, pamene mkuwa woyera pa nthawiyo unali utadutsa R100. Ndinaima pamenepo miyendo itazizira.

Sindinganene kuti anandibera. Ndinabweretsa mulu wosakaniza, ndipo anandilipira mulu wosakaniza. Madala aja anapisa m'thumba n'kutulutsa maginito ozungulira ochotsa ku sipika ya wailesi, omangirira pa kachingwe. Anati chimene chagwira maginito ndi chitsulo, ndalama yake ndi yochepa. Chimene chakana, chiike padera, uchipale ndi mpeni uone mtundu wake. Anandipatsa maginitowo, mpaka lero ali pa makiyi a galimoto.

Usiku womwewo ndinayamba kufufuza pa foni. App yoyamba imene ndinaipeza inali iScrap App, ndipo ndinasangalala kuona mndandanda wa mitundu ya zitsulo, uliwonse ndi mtengo wake. Sabata yotsatira ndinafika nayo pawindo la yadi ina, foni m'manja, kufuna kutsutsa mtengo umene anandiuza. Mayi wa pamenepo anayang'ana n'kundiuza mofatsa kuti imeneyo ndi mitengo ya ku America. Zinali zoona, ndipo kulakwa kunali kwanga. App imeneyi anaipangira anthu a ku United States ndi Canada, mayadi amene imaonetsa ndi a kumeneko, ndalama yake ndi madola, ndipo zitsulo monga mkuwa amaziyeza pa mapaundi osati pa makilo. Paundi imodzi ndi magalamu pafupifupi 454, ndiye kuti kilo imodzi muli mapaundi 2.2. Tiyerekeze kuti yalemba $3.50. Muchulukitse ndi 2.2, mupeza $7.70 pa kilo, ndipo ngati dola ili pa R18 ndiye kuti ndi pafupifupi R139. Koma ngakhale mutawerengetsa bwino chonchi, umenewo ndi mtengo wa pageti la ku New Jersey, osati la ku Germiston.

Sindinaichotse m'foni, chifukwa inandiphunzitsa chinthu chimene madala aja analibe nthawi yondifotokozera: kuti mkuwa si umodzi. Pali waya wonenepa wosendedwa, wowala ngati watsopano, umene ndi wokwera kuposa yonse. Pali paipi yoyera yopanda penti, imene amati nambala wani. Ndiye pali nambala thu, yokhala ndi penti, zobiriwira zija, kapena mtovu wa polumikizira. Nditadziwa zimenezi ndinayamba kukhala pansi madzulo ndi chodulira mapaipi, n'kumadula mfundo zonse zowotcherera. Mfundozo zimapita m'chidebe chake, paipi yotsalayo imakwera giredi. Ndi ntchito ya ola limodzi, yotopetsa zala, koma pa makilo 10 okha kusiyana kwake kumagula ufa wa sabata. Mipopi ya brasi nayo ndimaichotsa zogwirira zapulasitiki ndi timasikuluwu tachitsulo, chifukwa maginito a pa yadi akangogwira penapake, mpopi wonse amautcha wakuda n'kuutsitsa mtengo. Aluminiyamu wa mafelemu a mawindo ali ndi mtengo wake, wa mapoto ndi zidutswa za injini wake, zitini za zakumwa wakenso. Ndikamasankha aluminiyamu ndimakumbuka amisiri a kwathu amene amasungunula zoterezi n'kuumba mapoto a nsima, ndi ena okhoma mbaula kuchokera ku malata otayidwa. Kwathu chitsulo sichifa msanga.

Kenako ndinafuna kudziwa kumene mtengo umachokera, chifukwa Lolemba amanena china, Lachisanu china. Mitengo ya mkuwa, aluminiyamu, mtovu ndi zinki padziko lonse anthu amaiyang'anira ku London Metal Exchange, kumene amatchula madola pa tani imodzi. Ma app ndi masamba ambiri a za malonda amaonetsa nambala imeneyi kwaulere. Kuwerengetsa kwake n'kosavuta: gawani ndi 1,000 kuti mupeze kilo, muchulukitse ndi mtengo wa dola tsiku limenelo. Mkuwa ukakhala pa $10,000 pa tani ndipo dola ili pa R18, kilo ndi R180. Chenjerani pang'ono, chifukwa ma app ena amaonetsa mtengo wa msika wa ku New York, umene uli pa paundi. Mukaona nambala yaing'ono ngati 4 ndi kadontho, dziwani kuti ndi umenewo. Mu May 2024 mkuwa ku London unadutsa $11,000 pa tani, ndipo ine ndinali ndi zidebe zitatu zimene ndinasunga kuyambira February. Ndinazigulitsa sabata imeneyo. Ndalama yake ndi imene inafolera nyumba ya mayi anga ndi malata.

Koma R180 ya pafoni simudzailandira pageti, ndipo musakakangane ndi munthu chifukwa cha iyo. Umenewo ndi mtengo wa mkuwa woyengedwa kale. Wa pa yadi ayenera kusankhanso, kupanikiza, kulipira antchito ndi thiraki, n'kugulitsa kwa wamkulu kuposa iye, amenenso akagulitse kwa osungunula, aliyense akudyapo pake. Palinso dzanja la boma. Kuyambira 2013 dziko lino la South Africa lili ndi lamulo loti wofuna kutumiza sikirapu kunja ayambe watsatsa kwa mafakitale a m'dziko momwemuno pa mtengo wotsikirapo, ndipo kumapeto kwa November 2022 boma linaletsa kwa miyezi isanu ndi umodzi kutumiza kunja sikirapu ya mkuwa pofuna kuthana ndi kuba nthambo, kenako linawonjezeranso nthawiyo mu 2023. Miyezi imeneyo ndinkaona London ikukwera koma pawindo nambala ili pomwepo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Nambala ya ku London ndimaigwiritsa ntchito pa chinthu chimodzi chokha, kudziwa kumene mphepo ikulowera. Ikamakwera masabata awiri otsatizana koma yadi yanga osasuntha, ndimadziwa kuti nthawi yakwana yofunsa kwina.

Kufunsa kwinako ndi kumene foni inandisinthira moyo, ndipo zida zake ndi zimene aliyense ali nazo kale: Google Maps ndi WhatsApp. Pa Google Maps mukalemba mawu akuti scrap metal, madontho ofiira amadzaza madera a mafakitale, Booysens, Selby, Denver, Cleveland, Wadeville, Industria. Poyamba ndinkangosankha lapafupi n'kuliza galimoto. Tsiku lina Loweruka ndinayenda mtunda wautali ndi mafelemu odzaza bakkie, n'kukapeza geti lokhoma ndi unyolo wa dzimbiri, udzu utamera pakhomo. Eni ake anasamuka kalekale osasintha zimene analemba pa mapu. Ndinabwerera ndi katundu wanga, theka la thanki litapita. Kuyambira pamenepo sindinyamuka ndisanaimbe. Ndimayang'ananso ndemanga za anthu, osati nyenyezi zokha, koma zimene alemba komanso kuti analemba liti. Anthu atatu osiyana akadandaula za sikelo m'miyezi yapafupi, pamenepo sindipita. Zithunzi nazo zimathandiza kuona ngati pali poimika galimoto m'kati, chifukwa kutsitsa mkuwa pamsewu m'madera ena ndi kudziitanira mavuto. Mapu a dera lanu mungathe kuwasunga m'foni muli pa WiFi, kuti bandulo ikatha panjira musasochere. M'chaka cha 2023, magetsi akuzimazima koopsa, ndinkayambanso ndayang'ana pa EskomSePush ngati dera la yadiyo lili ndi magetsi, poti yadi yopanda jenereta sikelo yake imagona ndipo mumakhala padzuwa maola awiri kudikira.

Mayadi ambiri ali ndi nambala ya WhatsApp. Ine ndili ndi anayi amene ndimawalembera m'mawa wa tsiku logulitsa. Sindifunsa kuti mkuwa ndi zingati, chifukwa funso lotero amakuyankha ndi mtengo wa giredi yapamwamba kuti ubwere, ukafika n'kukuuza kuti wakowu ndi nambala thu. Ndimayala katundu pa simenti, ndimajambula pafupi poonetsa podulidwa, ndimatchula makilo, n'kufunsa kuti uyu mukumuika giredi yanji, lero pa kilo ndi zingati, ndipo mulipira bwanji. Yankho likabwera ndimalisunga. Kawiri konse ndafika pawindo n'kuuzidwa mtengo wotsika, ndipo nditaonetsa uthenga wa m'mawa womwewo anakonza popanda phokoso. Mtengo wa dzulo sagwira lero, zimenezo muvomereze. Ndipo muwerengere mafuta. Kuthamangira yadi ya kutali chifukwa yawonjezera masenti 20 pa kilo ya chitsulo ndi kutaya ndalama, koma R8 pa kilo ya mkuwa wokwana makilo 40 ndi ulendo woyenera kuyenda.

Za sikelo foni singakuthandizeni, pamafunika maso anu. Ndinagula kasikelo kokoloweka, ndipo chidebe chilichonse ndimachiyeza kunyumba n'kulemba m'kope. Pa yadi ndimaima poti ndizitha kuona manambala, ndione kuti ayambira pa ziro, ndipo akachotsera kulemera kwa thumba kapena chidebe ndimapempha kuti achiyeze chopanda kanthu ndikuona. Sikelo yaikulu yokwerapo galimoto nthawi zambiri imadumpha makilo 20 nthawi imodzi. Pa malata zilibe kanthu, koma mkuwa ndi brasi musalole kuti ziyezedwe pamenepo. Zitsike, zipite pa sikelo yaing'ono. Risiti muitenge nthawi zonse, yolembedwa giredi, makilo ndi mtengo. Mabatire a galimoto amagula athunthu, musawatsanule asidi pofuna kuwapepuza kapena kuwaswa kuti mutulutse mtovu. Ndinaona mnyamata wina manja atasupuka chifukwa cha zimenezo.

Tsopano nkhani imene ndikufuna abale anga muimvetse kuposa zonsezi. Foni yomweyo imene imakupezerani msika imabweretsanso mayesero. Nambala yanu ikangodziwika kuti mumagula kapena kunyamula zitsulo, mauthenga amayamba kubwera usiku. Wina ananditumizira chithunzi cha nthambo zonenepa ngati dzanja langa, zodulidwa zidutswa zofanana, akuti ndibwere ndi bakkie cha m'ma 11 koloko usiku tigawane pakati. Nthawi imeneyo lendi inali itandipanikiza, ndipo sindinama, ndinachiyang'ana chithunzicho kwa nthawi yaitali. Nthambo zotero sizichokera m'nyumba ya munthu. Ndi za njanji, za magetsi a mumzinda kapena za mafoni, ndipo zikadulidwa sitima zimaima, chipatala chimakhala mu mdima, anthu osauka ngati ife ndi amene amayenda pansi kupita kuntchito. Kwathunso timadziwa mmene mudzi umakhalira miyezi osaona magetsi akuba akaononga thiransifoma ya ESCOM. Ndinamutsekera munthuyo n'kufufuta uthengawo. Lamulo la dziko lino la 2015 lokhudza kuononga zipangizo zofunikira za dziko limalola khoti kupereka zaka zofika 30 m'ndende, ndipo belo yake ndi yovuta. Wonyamula ndi galimoto salekanitsidwa ndi wodula.

Palinso lamulo la katundu wogwiritsidwa kale ntchito, Second-Hand Goods Act ya 2009, imene inayamba kugwira ntchito mu 2012. Ndi chifukwa chake yadi yovomerezeka imalembetsa kupolisi, imakufunsani chiphaso kapena pasipoti, n'kulemba zimene mwabweretsa. Lamulo lomweli limaletsa kupezeka ndi waya wowotchedwa chikopa chake popanda chifukwa chomveka. Ambiri a ife tinazolowera kuti waya wopyapyala timauponya pamoto kuti pulasitiki ipse. Lekani. Utsi wake umalowa m'chifuwa, mkuwa wopsa umatsika giredi, ndipo wapolisi akaupeza m'galimoto mwanu nkhani yake ndi ina. Waya wonenepa ndimasenda ndi mpeni, wopyapyala ndimagulitsa ndi chikopa chake pa mtengo wake.

Chimene chinandipulumutsa tsiku lina ndi chizolowezi chaching'ono. Ndikamachotsa katundu panyumba ya munthu, ndimajambula zitsulozo zisanakwere galimoto, nyumba ikuoneka kumbuyo, ndipo ndimapempha mwini wake anditumizire uthenga wa mzere umodzi pa WhatsApp wonena kuti wandipatsa. Ena amadabwa, koma palibe anakanapo. Mmawa wina apolisi anatiimitsa pa msewu wopita ku Germiston, ndipo mmodzi atavundukula lona anapeza zidebe ziwiri za mapaipi a mkuwa ndi mpukutu wa waya wa m'nyumba. Nkhope yake inasintha pomwepo. Anatiuza tizime galimoto titsike. Msuweni wanga milomo inauma, ine mtima ukugunda m'makutu. Ndinapempha mwaulemu kuti nditulutse foni, ndinamuonetsa zithunzi za masiku atatu apitawo, mapaipi omwewo ali pa kapinga wa nyumba ya ku Edenvale, ndi uthenga wa mayi mwini nyumbayo. Anaimba nambalayo iye mwini. Mayiyo anayankha, anavomera, ndipo wapolisiyo anayang'ana mapepala athu n'kutiuza tizipita. Zonse zinatenga mphindi 20. Popanda zithunzi zija sindikudziwa kuti tikanagona kuti.

Ndikudziwa kuti abale ambiri kuno mapepala awo sali bwino, ndipo n'chifukwa chake amagulitsa kwa ogula a kuseri amene safunsa chiphaso. Sindikuweruzani, moyo wa kuno ndikuudziwa. Koma dziwani kuti ogula otero amadula mtengo kwambiri podziwa kuti mulibe kolowera, sapereka risiti, ndipo ndi malo amene katundu wakuba amathera, kotero apolisi akabwera amatola aliyense amene ali pabwalopo. Za malipiro, mayadi ambiri tsopano amakonda kutumiza ku banki kapena pa nambala ya foni m'malo mopereka ndalama pamanja, ndiye funsani musananyamuke. Mlamu wanga amene ali ku Leeds akuti kumeneko n'zoletsedweratu, lamulo la 2013 la ogula sikirapu ku England ndi Wales silola kulipira ndalama pamanja ndipo chiphaso n'chokakamiza. Ndalama ya pafoni muziionera mu akaunti yanu musanachoke pageti. Chithunzi chosonyeza kuti talipira si ndalama. Izi ndinaziphunzira pa Facebook Marketplace, kumene ndimagulitsa zinthu zimene zikadali zamoyo, monga geti labwino kapena sinki yosabooka, chifukwa zotero kuzipereka pa kilo ndi kuziphera. Munthu wina ananditumizira chikalata cha banki chooneka bwinobwino, dalaivala wake ali kale panjira kudzatenga geti. Ndinati geti lituluka ndalama ikaoneka kwanga. Dalaivalayo sanafike.

Madala a ku Mangochi aja ndinakumana nawonso patapita chaka, pa mzere wa yadi ina ku Selby, ngolo yawo itadzaza zitini zophwanya. Ndinawakumbutsa za giza, anaseka n'kufunsa ngati maginito ndikadali nawo, ndinawaonetsa pa makiyi. Ndinafuna kuwaikira zonsezi m'foni mwawo, koma yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi labala, yopanda intaneti. Tinagwirizana zina. Lolemba lililonse mayadi anga anayi akandiyankha, ndimawatumizira uthenga wamba wa mizere itatu: zitini pa kilo, aluminiyamu pa kilo, ndi yadi imene yaposa zinzake mwa zimene angafikeko wapansi. Sayankha ndi mawu, amangofulasha kamodzi kuti ndidziwe kuti wafika. Sabata yatha sanafulashe, ndiye ndinawaimbira Lachiwiri m'mawa. Anati foni inathera moto, ali bwino, ndipo ali ndi mota ya makina ochapira imene akufuna ndikaione ndisanapite ku Wadeville Lachisanu.